Uchigawenga wopanda mfuti: zomwe zinachitikira mapasipoti athu mu 2024

Tikamva mawu oti uchigawenga, maganizo athu amathamangira ku Cabo Delgado, kumene abale athu a ku Mozambique akhala akuthawa m'midzi yawo kuyambira mu October 2017, pomwe zigawenga zinaukira tauni ya Mocímboa da Praia. Timaganiza za mfuti ndi amayi atasenza katundu pamutu. Koma ulipo uchigawenga wina womwe suphulitsa bomba, ndipo unatifikira kale kuno kwathu.

Kumayambiriro kwa 2024, nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti. Pa 21 February, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza aphungu m'Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowerera makompyuta a nthambiyo ndipo akufuna ndalama kuti awamasule. Ananenetsa kuti boma silipereka dipo, napatsa nthambiyo masabata atatu kuti ipeze njira yoyambiranso ntchito. Ena amabungwe anatsutsa, amvekere gwero la vutoli ndi mkangano wa pakati pa boma ndi kampani yomwe inkasindikiza mapasipoti. Kaya zoona zinali kuti, amene anavutika ndi omwewo.

Tikuwadziwa anthuwo, poti timaswali nawo mumzikiti umodzi. Ndi mnyamata wa ku Makanjira kapena ku Namwera yemwe anagulitsa njinga kuti apite ku Joni. Ndi wophunzira yemwe anapeza malo ku sukulu ya Chisilamu kunja kwa dziko, tsiku lotsegulira likuyandikira. Ndi wodwala wotumizidwa ku India. Ndi agogo omwe anasunga ndalama zaka khumi kuti akachite Hajj, yomwe chaka chimenecho inali mu June. Pasipoti ikasowa, madobadoba amakweza mitengo, ndipo achinyamata ena amangosankha kudutsa njira za m'tchire, mapeto ake n'kukatsekeredwa ku Lindela. Palibe anawomberedwa, koma mabanja analira.

Kodi izi zimachitika bwanji? Nthawi zambiri chimakhala chinthu chaching'ono. Wogwira ntchito amatsegula kalata ya pa imelo yooneka ngati yachokera kwa bwana wake, kapena nambala yake yachinsinsi imabedwa, kapena kompyuta yatha miyezi isanakonzedwe mipata yomwe opanga ake anachenjeza kale. Pulogalamu yoipa imalowa, n'kutseka zonse zosungidwa ngati munthu wakhoma loko wake panyumba ya mwini, kenaka uthenga umabwera: lipirani kuti tikupatseni kiyi. Mu May 2017 pulogalamu yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko pafupifupi 150. Ku Britain inagwira zipatala za boma, moti maulendo a odwala okaonana ndi dokotala pafupifupi 19,000 anathetsedwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpatawo mu March, koma ambiri sanachiike. Ku Ukraine, mu December 2015, anthu ali kutali anazimitsa magetsi a makasitomala oposa 200,000 m'nyengo yozizira kwambiri.

Akatswiri amasiyanitsa wakuba wofuna ndalama ndi chigawenga chofuna kuopseza dziko pa zifukwa za ndale, ndipo m'khoti kusiyanako n'kofunika. Koma ma Ulama athu anaona kalekale kuti pali mlandu wina wapakati. Mu Fiqh muli mlandu wa hiraabah, wochokera mu Surah Al-Maidah ndime 33, womwe umakhudza anthu otchinga njira n'kuchititsa mantha apaulendo. Chilango chake n'chachikulu kuposa cha wakuba wamba, chifukwa iyeyo saba katundu yekha ayi, amabanso chitetezo cha anthu onse. Ife tikuona kuti munthu wotseka makompyuta a chipatala kapena a mapasipoti wayandikira kwambiri kwa wotchinga njira kusiyana ndi wopisa m'thumba. Tikunena izi dala, chifukwa achinyamata ena odziwa makompyuta amaona ngati kuthyola chitetezo cha anthu ndi ukatswiri chabe. Ndi haraam, ngakhale wochitayo sanaone nkhope ya yemwe wamuliritsa.

Wina anganene kuti ife a kunyanja tilibe makompyuta oti atibere. Tiyeni tiwerenge. Chiphaso cha unzika chomwe tinalembetsa mu 2017 ndicho chimafunidwa kubanki, polembetsa nambala ya foni komanso pogula feteleza wotsika mtengo. Wogula usipa padooko amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama za mwana wa ku Joni zimabwera pafoni. Mayunitsi a magetsi timagula pafoni. Zonsezi zitaima sabata imodzi yokha, msika wa Mangochi ungaoneke bwanji?

Malamulo alipo. Mu 2016 dziko lino linakhazikitsa lamulo loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, lomwe limayang'aniridwa ndi MACRA, ndipo mu 2024 kunabwera lina loteteza mbiri za anthu. Koma lamulo silikonza kompyuta. Zidindo za zala zathu ndi zithunzi zathu tinazipereka kuboma ngati amaanah, ndipo wosunga amaanah amafunsidwa. Aphungu athu afunse mosazungulira: kodi nthambi iliyonse ili ndi kope lina la zinthuzi losungidwa kwina? Makiyi ali m'manja mwa boma kapena mwa kampani yolembedwa ganyu?

Nafenso tili ndi ngamira yathu yoti timange tisanayedzamire kwa Allah, monga momwe Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analangizira mwini ngamira uja. Nambala ya manambala 6 yomwe WhatsApp imatumiza musapatse aliyense, ngakhale wopemphayo akhale ndi chithunzi cha Sheikh. Makomiti a mizikiti omwe amalandira zakaat ndi sadaka pafoni asasiye nambala yachinsinsi ndi munthu mmodzi popanda buku lolembamo. Uthenga wopempha ndalama mwachangu ufufuzidwe kaye poimbira mwini wake, monga Surah Al-Hujurat ndime 6 imatiphunzitsira pa nkhani zobwera ndi munthu wosadalirika. Ndipo amene muli ndi niyya ya Hajj kapena Umrah, yang'anani pasipoti yanu lero: ku Saudi Arabia amafuna kuti ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe.