Ndege yosalanga siphunzitsa

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale amene mumaulutsa ndege pa Microsoft Flight Simulator, ine ndatopa nawo anthu oyamikira ndege pongoona penti. Ndege yatsopano ikangotuluka, iwo amajambula mipando ndi mapiko onyezimira, basi ati ndege yabwino, gulani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu omwewa ndi amene amanyoza Piper Comanche 250 imene A2A Simulations inatulutsa mu 2023 pa mtengo wa madola pafupifupi 50. Ati ndi yodula, ati ndi yovuta. Inde ndi yovuta! Musanakwere mumayamba mwaizungulira, kuona oyilo, matayala, komanso ngati m'mafuta mwalowa madzi. Mukasiya injini yake ya Lycoming ikulira pansipansi nthawi yaitali osachepetsa mafuta, mapulagi amada ndipo imayamba kutsokomola. Mukazimitsa kompyuta vutolo silichoka, mawa mulipeza likukudikirani.

Tsono kuipa kwake kuli pati? Tonse timamudziwa mphunzitsi amene amachonga chilichonse kuti ana azimukonda. Ana ake amasekerera chaka chonse, koma zotsatira za MSCE zikatuluka ndi misozi yokhayokha. Ndege imene imauluka bwinobwino ngakhale mwaizunza ili ngati mphunzitsi ameneyu.

Sindikukana kuti mtengowu ndi wowawa kwa munthu wolandira makwacha. Koma ndi bwino kusunga ndalama n'kugula imodzi yokuphunzitsani kusiyana ndi kudzaza kompyuta ndi zisanu zongokongola. Ndipo inu olemba, musanatiuze kuti tigule, yambani mwatiuza chimene ndegeyo imachita munthu akalakwitsa.