Kadamsana asagonetse mayi woyembekezera ndi njala

Kadamsana wa mwezi akamayandikira, monga uja wa pa 7 September 2025, Ahindu ambiri ku India amaleka kudya kukadali maola 9. Akachisi amatsekedwa, ngakhale wotchuka uja wa ku Tirumala. M'zakudya amaponyamo masamba a tulsi, ndipo mwezi ukayeranso anthu amasamba. Ati chiwanda chotchedwa Rahu chameza mwezi.

Zosamba ndi zopempherazo ine ndilibe nazo kanthu, nzawo eni ake. Pomwe ndikukana mpa mayi woyembekezera. Amamtsekera m'nyumba, mpeni kapena singano osagwira, ati mwana angabadwe wong'ambika mlomo. Mabanja ena mpaka kumletsa kudya. Abale inu, mthunzi ungang'ambe bwanji mlomo wa mwana ali m'mimba? Njalayo ndiye ingamfooketse mayiyo.

Wina asanene kuti ndikuyankhula zachizungu ai. Mmwenye mnzawo Aryabhata adalemba kale m'chaka cha 499 kuti kadamsanayu ndi mthunzi wa dziko lapansi basi, likakhala pakati pa dzuwa ndi mwezi. Papita zaka zoposa 1,500 mayi akubisidwabe kuchipinda, chonsecho mwezi wofiirawo ngakhale kuuyang'ana ndi maso okha sikuvulaza.