Okapi ya agogo musaitaye, muione bwino poyamba

Mukatchula Okapi mu Lusaka muno, anthu ambiri aganiza za akawalala ndi ndeo za pa bawa. Dzina la kampeni aka linaipa kale mu komboni. Koma kuli anthu ena, ku Ulaya, ku America ngakhale ku South Africa, amene asakila mipeni yopinda yakale monga mmene ena asakila mawilo ya galimoto pa Soweto, ndipo Okapi ili pa mndandanda wao. Saifuna kuti alase munthu iyai. Aipukuta, aiika mu kabokosi, aionetsa anzao. Manje funso ni yakuti, aonapo chani pa kampeni ka m'thumba chabe?

Choyamba ni nkhani imene mpeni wanyamula. Okapi inayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, tauni ya ku Germany yodziwika pa zosula mipeni, ndipo anaipangira msika wa kuno ku Africa. Dzina anatenga ku nyama ija ya m'nkhalango za ku Congo, imene azungu anali atangoidziwa kumene mu 1901. Mu 1988 nchito yopanga mipeni iyi inasamukira ku South Africa. Apa ndiye pali nkhani. Tsegulani mpeni, muyang'ane pa chitsulo. Ngati palembedwa kuti unapangidwa ku Germany, ndiye kuti mwagwira chinthu chimene fakitale ija inaleka kupanga zaka zoposa 30 zapitazo. Osonkhanitsa mipeni ayamba kuwerenga malemba aja akalibe kuona ngati mpeni ni wakuthwa.

Kampani ya Case ya ku Bradford, ku America, inaidziwa bwino njala iyi. Mu 1970 inaika timadontho 10 pa chitsulo, ndipo chaka chilichonse inali kuchotsako kamodzi. Mpeni wa kadontho kamodzi ni wa 1979. Munthu akapeza wa madontho 7, mtima siukhala pansi mpaka apeze wa 6 ndi wa 8. Ndiye mmene chizolowezi ichi chigwirira munthu.

Chachiwiri ni kapindidwe. Mpeni wa kukhichini ulibe chinsinsi, ni chitsulo ndi chogwirira, kwatha. Wopinda uli ndi nzeru mkati: ufunika utseguke bwino, ukhale nji pogwira nchito, osakubwerera pa zala. Aliyense wopanga anapeza njira yake. Okapi ili ndi kamphete kumsana kamene mudonsa kuti chitsulo chimasuke, ndipo potsegula ilira kuti kete kete kete. Kulira uku ndiko kunaipatsa mbiri ku Jamaica, kumene anyamata a mu Kingston anaikonda maningi. Opinel ya ku France, imene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890, ili ndi kachitsulo kozungulira pakhosi, kamene anawonjezera mu 1955. Mukakapotoza, mpeni wakhoma. Chogwirira ni mtengo chabe, koma mu 1985 nyumba yosungira zinthu ya Victoria and Albert ku London inaika Opinel pakati pa zinthu 100 zopangidwa mwaluso kwambiri. Ofuna mpeni wakale autsegula pafupi ndi khutu, amvetsere. Ukatseka ndi mawu akuti thapu, ali bwino. Chitsulo chikagwedera uku ndi uku, mtengo watsika.

Ndipo musaganize kuti zonse ni zakale. Chris Reeve, wa ku Durban, amene anasamukira ku Boise ku America mu 1989, anapanga mpeni umene anautcha Sebenza, mau a Chizulu amene ife tonse tiwadziwa: kusebenza. Ulibe maluwa, ulibe zonyezimira, koma mtengo wake ni madola mahandiredi angapo, chifukwa zitsulo zake zikumana bwinobwino popanda kampata.

Chachitatu, ndiye chimene chitipweteka ife kuno, ni mmene mpeni wasungidwira. Tili ndi chizolowezi chopereka mpeni kwa anyamata a gilainda pa msika. Mphindi ziwiri, moto uli palipali, mpeni wathwa. Koma gilainda idya chitsulo, itentha nsonga, ndipo nthawi zina ifafaniza ndi malemba omwe. Mpeni umene unali wotambalala usanduka ngati nyula. Kudula nao michopo mudzadula, koma kwa wosonkhanitsa wafa. Okapi ndi Opinel zambiri ni za chitsulo cha kaboni, chimene chida pakapita zaka. Kuda kuja si dothi, ndipo odziwa akukonda. Dzimbiri yofiira ndiyo mdani. Pukutani ndi kansalu ndi mafuta pang'ono a makina osokera, nolani pa mwala ndi manja, sungani pouma. Sandipepa isafike pafupi. Timwezi ndi tinyenyezi twa chitsulo tumene tuli pa chogwirira cha Okapi tukachoka, musamatepo twina.

Chenjerani ndi gong'a. Kampeni kofiira ka mtanda woyera, ka Victorinox, kamene banja la Karl Elsener lipanga ku Ibach ku Switzerland kuchokera m'zaka za m'ma 1890, kakoperedwa kwambiri. Keniken kali ndi dzina lodindidwa bwino patsinde pa chitsulo chachikulu, ndipo tuzipangizo twake tutseka mwamphamvu. Akakuuzani mtengo wofanana ndi wa mabanzi awiri, dziwani kale chimene mwagula.

Nisakunamizeni kuti Okapi ya agogo idzakugulirani puloti ku Chalala. Inapangidwa yambirimbiri, inali mpeni wa munthu wamba, ndipo ngakhale ya ku Germany siifika pa mtengo wa Sebenza. Phindu lake lili pena. Pa katundu wa malemu, anthu alimbirana mafiriji ndi masofa, kampeni kaponyedwa mu chikopo cha misomali. Koma ndiko kamene mdala anali kuyenda nako tsiku lililonse: kusendera nzimbe, kusema mpini, kudula chingambwa cha njinga, kugawa nyama pa Khisimasi. Chogwirira chinasalala ndi dzanja lake. Sofa idzatha zaka zisanu, kampeni kadzafika kwa adzukulu.

Mau omaliza kwa a mudala ndi anyamata: kusunga mpeni ni kunyumba. Kuyenda nao ku bawa kapena ku bola ni kuitana milandu, ndipo apolisi sadzamvera nkhani ya Solingen. Pa eyapoti naponso, mukauiwala mu chola cha m'manja, mudzausiya pomwepo.

Weekend ino tsegulani sutikesi ija ili pamwamba pa wadiropu. Mukaupeza, werengani malemba, funsani akuluakulu amene akali moyo kuti unachokera kuti, mulembe pa kapepala, musunge pamodzi.