Mantha a Wolamula ndi Thumba la Wolamulidwa

Pakati pa zinthu zonse zimene zimatsogolera mafumu ndi maboma a pansi pano posankha chochita, kaya ndi uphungu wa akuluakulu, kaya ndi kulira kwa anthu anjala, kaya ndi dyera la iwo amene akhala pafupi ndi nkhokwe, palibe chimene ndachiona chili ndi mphamvu yoposa mantha. Pakuti wolamula akagwidwa nawo, ngakhale iye mwini sangavomere pabwalo kuti mtima wake ukugunda, malamulo a dziko amasandulika, ndalama za msonkho zimapatuka panjira yake, ndipo abwenzi a dziko amayamba kusankhidwa poyesa kutalika kwa mikondo yawo. Umboni wa zimenezi sitisowa kukaupempha kutsidya kwa nyanja zamchere, popeza mbiri ya Malawi yadzala nawo, ndipo ena mwa iwo amene anauona ndi maso akali ndi moyo m'midzi mwathu.

Kumayambiriro kwa chaka cha 1959, pamene moto wokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland unali utakolera m'maboma onse, mphekesera inafika m'makutu a Bwanamkubwa Robert Armitage ku Zomba, yakuti atsogoleri a Nyasaland African Congress, pamsonkhano wina umene anachitira kuthengo pafupi ndi Blantyre mu Januwale, anapangana kupha Azungu, Amwenye ndi mafumu omvera boma. Atsamunda aja, pokhala anali ochepa pakati pa khamu la anthu amene sanali kuwamva chinenero ngakhale kuwadziwa mtima, ndiponso pokumbukira za Mau Mau ku Kenya, anaimeza nkhaniyo yosatafuna. Asilikali anaitanidwa kuchokera ku Southern Rhodesia; mbandakucha wa pa 3 Malichi Dr. Kamuzu Banda anagwidwa natumizidwa kundende ya Gwelo. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda mlandu, ena ku Kanjedza. Ndipo pa doko la Nkhata Bay, pamene anthu opanda zida anasonkhana pofuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe, mfuti zinalira, anthu osachepera 20 nagwa tsiku lomwelo. Woweruza Patrick Devlin, amene boma la Britain linamtuma kudzafufuza, anawerenga Aafirika 51 amene anaphedwa m'masabata amenewo, pamene Mzungu wophedwa panalibe ndi mmodzi yemwe. Chiwembu cha kupha Azungu onse chija sanachipeze, ndipo ananena mosabisa kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Munthu akanayesa kuti iwo amene analawa ndende chifukwa cha mantha a mnzawo adzakhala oyamba kudana ndi ulamuliro wotere. Koma ufulu wa pa 6 Julayi 1964 usanathe ngakhale miyezi itatu, nduna zimene zinaitana Kamuzu kuchokera kunja ndi kumuyalira mphasa zinayamba kumfunsa mafunso: za tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma, za malipiro a antchito a boma, za kuchedwa kopereka maudindo kwa eni dziko, za ubwenzi wake ndi Apwitikizi amene anali kupondereza abale athu ku Mozambique, ndi za chithandizo chimene boma la Peking linalonjeza, iye nachikana. Amenewa anali mafunso a pabwalo, oyenera kuyankhidwa pabwalo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma iye anawamva ngati mapazi a anthu odzamlanda mpando. Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa mu Seputembala. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo awo. Ndipo posakhalitsa ambiri a iwo anali atathawa m'dziko limene analimenyera nkhondo.

Chilungamo chifuna kuti ndinene kuti zoopsa zenizeni zinatsatira. Mu Febuluwale 1965 Chipembere ndi anthu ake analanda Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, nalunjika ku Zomba, koma anaima pa Liwonde atapeza chombo chowolotsera anthu chili tsidya lina la Shire. Ndipo mu Okutobala 1967 Yatuta Chisiza analowa ndi kagulu ka anthu a mfuti chakumalire a Mwanza, naphedwa komweko. Boma lililonse likanadziteteza. Chimene ndikudandaula nacho ndi chakuti nkhondo ziwiri zazing'onozi, zimene zinatha m'masiku owerengeka, zinasandutsidwa chifukwa cholamulira mtundu wonse ndi chibonga kwa zaka pafupifupi 30, kufikira mawu akuti chigawenga anakwanira mphunzitsi, mbusa, mlembi wa ndakatulo, ngakhale mlimi amene analankhula mosasamala pamowa. Malamulo otsekera munthu popanda kumzenga mlandu, amene atsamunda anawasiya, anatoledwa ndi kunoledwa. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo chaka chomwecho linabwera lamulo lolanda katundu wa aliyense amene boma lamuyesa woopsa. Mu 1971 Kamuzu anakhala Pulezidenti wamuyaya. Ndipo maina a ndende za Dzaleka ndi Mikuyu anayamba kutchulidwa monong'ona.

Tsono mantha sadya udzu, amadya ndalama. Gulu la Apayoniya, limene linayamba mu 1963 ndi kuphunzitsidwa mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel, linachita zabwino zimene sitiyenera kuzikana, pakuti anyamata ambiri anaphunzira kumeneko ulimi, umisiri wa matabwa ndi kumanga. Koma pang'onopang'ono linasanduka gulu lankhondo lachiwiri, lokhala ndi mfuti zake, magalimoto ake, misasa yake m'maboma ndi akazitape ake, loyankha kwa munthu mmodzi yekha, kotero kuti ngakhale apolisi sanali kuligwira mwachisawawa. Dziko losauka ngati lathu linasenza magulu awiri a zida, limodzi lolondera malire, lina lolondera loyambalo pamodzi ndi anthu onse. Ndipo ndalama iliyonse imene inagula chipolopolo cha gulu lachiwirili inachokera m'thumba lomwe lija limene linayenera kugula mankhwala a malungo ndi malata a sukulu, m'zaka zimene ana ambiri a kumudzi anali kulephera kupita ku pulayimale chifukwa makolo awo analibe fizi.

Ndipo panali msonkho wina umene sunalembedwe m'buku lililonse la chuma cha boma. Iwo amene anakula m'zaka zimenezo akumbukira mayi wa kumudzi atasenza dengu la ufa kapena la nyemba, atayenda kuchokera tambala woyamba, akufika pachipata cha msika ndi kupeza anyamata a malaya ofiira atatchinga njira. Akumbukira momwe mayiyo anali kutula dengu pansi, kumasula mfundo ya pakona ya chitenje ndi zala zonjenjemera, ndi kutulutsa khadi la chipani lopindapinda, lofewa ndi thukuta, podziwa kuti likakhala la chaka chatha ufa uja sugulitsidwa, basi sakwera, ndipo mwina dengu lomwe silibwerera kwawo. A Mboni za Yehova, amene chikhulupiriro chawo sichinawalole kugula khadi limenelo, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique mwa zikwizikwi, nyumba zawo zitatenthedwa. Kodi boma lokhala ndi asilikali, apolisi ndi Apayoniya linali kuopanji kwa anthu amene chida chawo chinali chikwama cha timabuku? Linali kuopa kuti munthu mmodzi akakana poyera nakhalabe ndi moyo, mnzake adzaona kuti kukana n'kotheka.

Pa za maiko akunja nkhani ndi yolemerera, ndipo sindifuna kuipeputsa. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere. Fodya ndi tiyi wathu zinali kutuluka pa njanji ya ku Beira, m'manja mwa Apwitikizi. Ndipo amuna athu zikwi zambiri anali ku migodi ya ku Joni ndi m'mapulazi a ku Rhodesia, akutumiza kwawo ndalama zimene zinali kudyetsa mabanja. Mtsogoleri aliyense wanzeru akanayenda mosamala pakati pa anansi otere. Koma pali kusiyana pakati pa kuyenda mosamala ndi kukumbatira. Ndipo pamene Malawi mu 1967 anakhala dziko lokhalo la anthu akuda lotumizirana akazembe ndi boma la tsankho la South Africa, pamene John Vorster analandiridwa kuno mu 1970, Kamuzu nakabwezera ulendowo mu 1971, ine ndiyesa kuti chimene chinali kutsogolera sichinali njanji yokha. Omutsutsa amene anathawa anali ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka. Choncho Julius Nyerere ndi Kenneth Kaunda anakhala okayikitsa, ndipo aliyense wodana ndi iwo anakhala woyenera kudya naye m'mbale imodzi. Ngongole ya ku Pretoria inathandiza kumanga likulu la Lilongwe, kumene boma linasamukira mu 1975, ndi njanji yolumikiza dziko lathu ku Nacala. Izi tikuzigwiritsa ntchito mpaka lero, ndipo ndikuvomereza. Koma anthu wamba, amene sanauzidwe kuti ngongoleyo idzabwezedwa motani, anadzipezera okha yankho: pamene anthu anayamba kuphedwa usiku ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, mphekesera inayenda mu Blantyre monse yakuti boma likupopa magazi a anthu kukalipira Maburu. Inali nkhani yopanda umboni, koma inamera m'nthaka imene boma lomwe linaigalauza pokana kufunsidwa. Ndipo boma, m'malo mofotokoza, linapatsa makhoti a mafumu mphamvu yoweruza milandu ya imfa, kumene woimbidwa mlandu sanaloledwe kukhala ndi loya. M'makhoti omwewo ndi mmene Orton ndi Vera Chirwa anadzaweruzidwira kuti aphedwe mu 1983.

Mapanga awiri avumbwitsa. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, anansi athu anatiimba mlandu wosunga Renamo, gulu lomenyana ndi boma la dzikolo, kufikira kuti mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzachenjeza Kamuzu maso ndi maso. Komabe Renamo yomweyo ndi imene inadula njanji za Beira ndi Nacala, katundu wathu nayamba kuzungulira ulendo wautali wa ku Durban pamtengo umene unamveka m'sitolo iliyonse, asilikali athu natumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, ena osabwerako, ndipo othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi anadzakhala pakati pathu. Nthawi yonseyi maiko a Azungu akumadzulo anali chete, pakuti nawonso anali ndi mantha awo, a chikomyunizimu, ndipo mtsogoleri wodana ndi Moscow ndi Peking anali wamtengo wapatali kwa iwo kuposa akaidi a ku Mikuyu. Sanatseke dzanja pamene akuluakulu a ndale Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Thambani mu Meyi 1983, boma nkunena kuti inali ngozi ya galimoto. Anadzalitseka mu Meyi 1992, Soviet Union itagwa, ndiponso maepiskopi a Katolika atawerengetsa kalata yawo ya pa 8 Malichi m'matchalitchi onse. Pa 14 Juni 1993 anthu anavotera zipani zambiri. Ndipo mu Disembala chaka chomwecho, Apayoniya atawombera asilikali ku Mzuzu, gulu lija limene linadya chuma cha dziko zaka 30 linaphwasulidwa ndi Operation Bwezani m'masiku ochepa, ambiri nathawira ku Mozambique. Mlandu suola: malamulo atsopano a dziko anakhazikitsa bwalo lopereka chipepeso kwa ozunzidwa, ndipo okhoma msonkho omwe aja amene analipira kumanga ndende anayamba kulipiranso misozi ya iwo amene anatsekeredwamo.

Ena adzati izi n'zakale, zinapita ndi chipani chimodzi. Koma mu Febuluwale 2011, maboma a Tunisia ndi Egypt atagwetsedwa ndi anthu a m'misewu, mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo sukuluyo inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa. Mu Epulo kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, anathamangitsidwa chifukwa kalata yake yachinsinsi inanena kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika sakufunanso kudzudzulidwa. Britain inaimitsa ndalama zimene inali kuthira m'thumba la boma, pa nthawi imene magalimoto anali kugona pamizere ya mafuta ndipo zipatala zinali kusowa mankhwala. Ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi anthu 20 anaphedwa, ambiri a iwo ku Mzuzu. Mtsogoleri ameneyu anali atasankhidwa ndi mavoti ochuluka zaka ziwiri zokha m'mbuyomo, anali ndi aphungu okwanira kudutsitsa lamulo lililonse m'Nyumba ya Malamulo, ndipo panalibe Chipembere pa Liwonde ngakhale Chisiza pamalire a Mwanza. Iwo amene anawaopa anali aphunzitsi, atolankhani, ansembe ndi anyamata ogulitsa malonda m'misewu, amene anali kufunsa kuti mafuta adzabwera liti.