Botolo la vinyo ku Kabulonga: lodula kwa ndani?

Mwezi watha mnzanga wina wa ku Ulaya, amene timasewenza naye ofesi imodzi, anatitenga ine ndi msuweni wanga kukadya ku lesitilanti ina ya ku Kabulonga. Tonse atatu tinadya nyama ya ng'ombe, ndipo iye anaitanitsa botolo limodzi la vinyo wa ku South Africa. Bili itabwera inali K2,400. Anaiyang'ana, naseka, nakamba kuti, "Kwathu ndalama iyi ndi ya munthu mmodzi chabe." Ine ndinamwetulira, koma mumtima ndinali kuwerengera: usiku umodzi wadya ndalama yoposa lendi ya kachipinda kanga ku Avondale.

Pobwerera pa Great East Road tinayamba kutsutsana. Msuweni wanga akuti malo a kumayadi amawabera alendo chifukwa sadziwa mitengo. Ine sindigwirizana naye. Mlendo amene amafola madola sabedwa kwenikweni. Ngati alipo amene mitengo iyi imamupweteka, ndi ife.

Tiyambe ndi botolo. Vinyo wambiri amene timaona mu Lusaka amachokera ku Western Cape, kumadera monga Stellenbosch ndi Paarl. Amayenda pa thiraki mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000, kulowera pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Akalowa m'dziko amalipiridwa msonkho wa excise, kenaka VAT ya 16 peresenti. Mwini lesitilanti ali ndi lendi ya kumayadi, ali ndi antchito, ali ndi mafiriji oyenera kuyaka usana ndi usiku. Kumbukirani 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, pamene malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Amene anafuna kusunga nyama ndi vinyo bwino anali kuthira dizilo mu jenereta tsiku ndi tsiku. Zonsezi zili m'kati mwa botolo lija. Ndikaona likugulitsidwa kuwirikiza kawiri kapena katatu mtengo wa mu shopu, sindidabwa. Ku London ndi ku Johannesburg nakonso malesitilanti amachita chimodzimodzi.

Mbale ndiyo nkhani ina. Ng'ombe ija sinakwere ndeke, inakulira ku Chisamba kapena ku Mazabuka. Nsomba ya bream ikuchokera ku Siavonga. Tomato ndi anyezi mwina anagulidwa m'mawa pa Soweto, pamene amayi anga amagula. Ndiye mtengo wa pa menu suli wa chakudya chokha. Mukulipira mpando, bata, mlonda wa pageti, chimbudzi chaukhondo, intaneti, ndi munthu wokuthirirani madzi musanapemphe. Ngati izi ndizo mukufuna ndipo mwazipeza, simunabedwe. Kuba kumayamba pamene mwalipira mtengo wa Kabulonga koma nyama yabwera yozizira ndipo mwadikira ola lathunthu.

Manje taonani chifukwa chake mnzanga uja anaseka. Mu 2013, boma litachotsa maziro atatu pa kwacha, dola imodzi inali pafupifupi K5. Pofika kumapeto kwa 2024 inali itapitirira K27. Kwacha yalimbako pambuyo pake, koma mpata ukalipo waukulu. Munthu wofola madola malipiro ake anakula kangapo mu kwacha popanda abwana kumuonjezera kanthu. Amene amafola kwacha anangoona unga, mafuta ndi basi zikukwera. Bungwe la JCTR, limene limawerengera zofunika pa banja la anthu asanu mwezi uliwonse, linaonetsa kuti mu 2024 ndalamayi mu Lusaka inapitirira K10,000. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa a wantchito wa panyumba anali K1,300. Mzinda ndi umodzi, menu ndi imodzi, koma matumba ndi awiri.

Apa ndipo pali vuto lathu achinyamata. Mitengo ya malo aya inaikidwa poyang'ana thumba la wa ku embassy, wa ku migodi, wa ku NGO ndi apamwamba athu a kuno komwe. Ife timalowamo ndi thumba la ku Chelstone kapena ku Kabwata. Ndikudziwa anzanga amene amatenga kaloba pa foni kuti akajambulitse ali ndi galasi la vinyo m'manja, vinyo amene sakumukonda n'komwe. Chithunzi chimakhala pa Instagram tsiku limodzi, nkhongole imakhala mwezi wonse. Lesitilanti sinawanamize. Mtengo unalembedwa poyera. Anadzinamiza okha kuti kukhala pampando uja ndiye kufika.

Sindikukamba kuti tisamapiteko. Mzinda uno ndi wathu, ndipo palibe geti loyenera kutichititsa manyazi. Ngati mwasunga ndalama ya tsiku lobadwa kapena la graduation, pitani mukadye bwino, ndipo ngati nyama sinapse ibwezeni monga momwe mlendo amachitira. Koma pitani ndi ndalama yanu, osati ya mwezi wamawa.

Ndipo pali munthu mmodzi amene tonse, ife ndi alendo, timamuiwala pokamba za mtengo woyenera. Malo ambiri amaonjezera 10 peresenti ya service charge pa bili. Mlongo amene anatiperekera chakudya usiku uja anaimirira maola ambiri, ndipo tikuchoka anali asanaweruke. Minibasi nthawi imeneyo zimakhala zitatha. Kwa ine, K2,400 ndi mtengo woyenera pokhapo ngati 10 peresenti ija ikufika m'manja mwake ndipo ali ndi chomufikitsa kunyumba. Mukapita, mufunseni mwaulemu. Yankho lake lidzakuuzani zambiri za malowo kuposa menu.

Mnzanga uja ndamuuza kuti ulendo wotsatira ndi wanga. Ndidzamutengera ku Matebeto ku Thornpark, akadye nsima ndi nkhuku ya kumudzi, chibwabwa cha nshawa ndi kapenta. Vinyo kulibe, koma bili ndidzalipira ine, ndipo lendi ya ku Avondale idzakhala ili m'thumba.