Sewero la Yizo Yizo ndi chinsinsi cha m'ndende

M'mwezi wa Marichi chaka cha 2001, wailesi ya kanema ya SABC1 ya m'dziko la South Africa inaonetsa gawo lina la sewero la Yizo Yizo limene linautsa mapiri pachigwa. M'gawolo, mnyamata wachifwamba wotchedwa Chester, yemwe anali atatsekeredwa m'ndende, anagwiriridwa ndi mkaidi mnzake wamwamuna. Kutacha, nkhani inali yomweyo m'nyuzipepala, pa mawailesi, m'maminibasi ndi m'masukulu.

Seweroli linayamba kuonetsedwa m'chaka cha 1999. Linakonzedwa mogwirizana ndi nthambi ya zamaphunziro ya SABC komanso unduna wa zamaphunziro, ndipo otsogolera ntchito yojambula anali a Teboho Mahlatsi ndi a Angus Gibson. Nkhani yake inkachitikira pa sukulu yongopeka ya Supatsela High, m'dera la anthu osauka la m'mphepete mwa mzinda. Olemba sanabise kalikonse: mfuti m'kalasi, mankhwala ozunguza bongo, aphunzitsi onyengerera ana asukulu, ndi atsikana ochitidwa nkhanza. Ochita sewerowo ankayankhula chiyankhulo cha m'misewu, nyimbo zake zinali za kwaito, ndipo achinyamata miyandamiyanda ankadziona okha pa kanemapo.

Vuto linabadwira pomwepo. Chester ndi mnzake Papa Action, amene anayenera kukhala chitsanzo cha khalidwe loipa, anasanduka ngwazi kwa anyamata ena. Kunamveka madandaulo akuti ana m'masukulu ena ayamba kutengera kavalidwe, kayankhulidwe ndi nkhanza za awiriwa. Choncho pokonza chigawo chachiwiri cha seweroli, olemba anafuna kuwavula ulemerero achifwambawo ndi kuonetsa kumene njira yawo imathera. Ndende ya Chester inali yankho lawo.

Ambiri sanalilandire yankholo. Phungu wa chipani cha ANC, mayi Lulu Xingwana, anapempha kuti seweroli liletsedwe, ndipo nkhaniyi inakambidwa m'nyumba ya malamulo. Makolo ambiri anadandaula kuti anachita manyazi kuona zoterezi ali limodzi ndi ana awo madzulo. Dandaulo la makolowa silinali lopanda pake, pakuti pali zinthu zimene kholo ndi mwana sangazionere pamodzi popanda kukonzekeretsedwa. Koma nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, a Kader Asmal, inaikira kumbuyo seweroli, ndipo linapitirira mpaka chigawo chachitatu m'chaka cha 2004.

Chodabwitsa n'chakuti mkwiyo wonsewo unalunjika pa kanema, osati pa ndende. Funso lakuti kodi zimenezi zimachitikadi linafunsidwa ndi ochepa. Komatu yankho silinachedwe. M'chaka chomwecho cha 2001, Pulezidenti Thabo Mbeki anakhazikitsa bungwe lofufuza za ziphuphu ndi nkhanza m'ndende, lotsogozedwa ndi woweruza milandu, a Thabani Jali. M'chaka cha 2002, pulogalamu ya Special Assignment pa SABC inaonetsa kanema amene akaidi anajambula m'ndende ya Grootvlei ku Bloemfontein. Uyu sanali sewero. Anthu anaona oyang'anira ndende akugulitsa chamba, mowa ndi mfuti kwa akaidi, ngakhalenso kupereka mkaidi wachichepere kwa wamkulu kuti agone naye. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Yizo Yizo inatsina khutu la dziko lonse, ndipo dziko linathamangira kukalipira dzanja lotsinalo.

Panthawi imene gawo lija linkaonetsedwa, malamulo a South Africa sankazindikira kuti mwamuna angagwiriridwe. Zimene zinachitikira Chester zikanaweruzidwa ngati mlandu wina wocheperapo. Lamulo latsopano la milandu yokhudza kugonana, limene limateteza amuna ndi akazi mofanana, linabwera m'chaka cha 2007. Sewero palokha silinasinthe lamulolo. Inali ntchito ya zaka zambiri ya mabungwe, maloya ndi makhoti. Koma linathandiza kuti nkhani imene inkanong'onedwa iyambe kutchulidwa poyera.

Ngakhale zili choncho, seweroli lili ndi mlandu wake woyankha. Likagwiritsa ntchito kugwiriridwa ngati chilango cha wachifwamba, woonera amatha kunena mumtima kuti Chester wakolola zomwe anafesa. Maganizo amenewa ndi oopsa. Palibe khoti limene limagamula kuti munthu akagwiriridwe. M'ndende simukhala achifwamba okha: muli woba nkhuku, muli wosowa ndalama ya belo, muli amene mlandu wake sunazengedwe. Ambiri mwa iwo amatuluka ndi kubwerera kumudzi, ena atatenga kachilombo ka HIV, ena ali ndi bala la mumtima limene sangaliulule kwa mkazi wawo kapena kwa dokotala. Anthu akamaseka za nkhanza za m'ndende, mwamuna wotereyu amatsekeratu pakamwa, ndipo banja lake ndilo limalipira.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza alangizi ndi magulu a zisudzo amene amaphunzitsa anthu pabwalo la mfumu, pa msika kapena pa wailesi. Choyamba, munthu woipa m'sewero akapatsidwa nthabwala zonse zokoma ndi zovala zonse zokongola, ana amapita kunyumba akumuyerekeza iyeyo, uthenga utatsala pabwalo. Chachiwiri, chithunzi choopsa chimagwira maso koma sichiphunzitsa pachokha. Phunziro limabwera pa zokambirana za pambuyo pake, pamene wotsogolera amafunsa anthu zimene aona, amene walakwiridwa, ndi kumene wolakwiridwayo angapite. Chachitatu, gulu la zisudzo lisanatchule za kugwiririra, lidziwiretu chipatala, ofesi ya polisi kapena mlangizi amene angalandire munthu wobwera mwakachetechete sewero likatha. M'khamu lililonse mumakhala wina amene nkhaniyo ndi yake. Ndi bwinonso kuchenjeza makolo pasadakhale, ndi kupatula ana aang'ono ngati nkhani ili yolemera, kuti manyazi asatseke makutu a akuluakulu.

A Teboho Mahlatsi anamwalira m'chaka cha 2023, chaka chomwe Yizo Yizo inayamba kuonetsedwanso pa Netflix kwa m'badwo umene unali usanabadwe pamene aphungu ankakangana za Chester. Oonera atsopanowa akhoza kudabwa kuti panali chiyani chokanganirana. Koma m'midzi ndi m'matauni a chigawo chino, mnyamata akatuluka m'ndende achibale amamufunsa za chakudya ndi za nsabwe, kenaka nkhani imathera pomwepo. Mlangizi amene angathe kumupatsa mpata woyankhula zotsalazo, popanda kumuseka kapena kumuweruza, adzakhala atapitiriza ntchito imene sewero linangoyamba.