Cheza chochizira khansa ya kummero chili ndi muyeso wake

Ana anga, sabata ino ndikulankhula ndi inu amene mukusamala kholo lomwe chakudya chayamba kulikakamira pakhosi. Lero lakana nsima, mawa phala, mkuja ngakhale madzi. Musathamangire zoti amulodza. Khansa ya kummero ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'Malawi muno. Pitani nawo kuchipatala cha Chikwawa, cha Nsanje kapena cha Montfort ku Nchalo, akawatumize ku Queens ku Blantyre kokaunikidwa.

Kale ofunika kuchizidwa ndi cheza ankapita ku Lusaka kapena ku India, koma tsopano makinawa alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Adokotala ndiwo amasankha njira yoyenera wodwala aliyense.

Njira imodzi ndi yotchedwa brachytherapy. Amalowetsa kapaipi kummero n'kudutsitsamo kachitsulo kotulutsa cheza, kakang'ono ngati njere ya mpunga, mpaka pachotupa. Pakatha mphindi zochepa amakatulutsa. Kawirikawiri cholinga n'chakuti munthu ayambenso kumeza. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2004 pa odwala 209 adapeza kuti kuika paipi yotsegula mmero kumathandiza msanga, koma mpumulo wa chezachi umakhalitsa.

Nkhani yagona pa muyeso. Cheza chili ngati moto wapambaula, chimaotcha chapafupi. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yake imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. N'chifukwa chake akatswiri amawerengetsa mpaka mamilimita. Chikachepa, chotupa chimaphukanso. Chikachuluka, chimasiya zilonda, mwinanso kuboola mmero mpaka kukafika panjira ya mpweya.

Tsono akakuuzani kuti mudikire ayambe ajambula ndi kuwerengetsa, musati akukuchedwetsani dala. Musadumphitse tsiku lomwe mwapatsidwa. Gwirizanani pabanja, ndalama ya minibasi yokwerera Thabwa ikhale pambali. Sungani bwino buku lakuchipatala ndi mapepala onse. Ngati wodwalayo adachizidwapo kale ndi cheza, auzeni adokotala, chifukwa chakalecho amachiwerengera pamodzi ndi chatsopano.

Inu apongozi, musamusale wodwala. Kachitsulo kaja kakatuluka, m'thupi simutsala cheza. Idyani naye mbale imodzi, adzukulu akhale naye pamphasa.

Pomwe simudamve, funsani adokotala kapena anamwino. Paja safunsa adadya phula. Tikumane sabata yamawa.